Mizinda ya ku America: Ina ndi Yokaona, Ina ndi Yokakhala

Mukatsegula TikTok kapena Instagram, America amaoneka ngati mzinda umodzi wautali: nyumba zosanja zogunda mitambo, magetsi osathima, ndi munthu atanyamula kapu ya khofi akuthamangira kuntchito. Koma dzikoli ndi lalikulu zedi. Lili ndi zigawo 50, ndipo Malawi yense, kuphatikizapo nyanja, angakwane m'chigawo chimodzi chokha cha Pennsylvania. Kuchoka ku New York kupita ku Los Angeles ndi ulendo wa maola pafupifupi 6 pandege, ndipo mukatera mumabweza wotchi ndi maola atatu. Ndiye munthu akati "ndikupita ku America", muyambe mwamufunsa kuti, kuti kwenikweni?

Funso lachiwiri ndi lomwe ambiri timalilumpha. Mukupita kukaona kapena kukakhala? Paja mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mlendo amadya zokoma, amajambulitsa, n'kubwerera kwawo. Wokhala ndiye amalipira lendi, amadikira basi m'chisanu, amadwala, amasowa munthu wocheza naye Lamulungu masana. Mzinda wosangalatsa kwa mlendo wa sabata imodzi utha kukhala wowawa kwa munthu wa zaka zisanu. Mizinda ili m'munsiyi ndaisankha ndi mafunso awiriwo m'mutu.

New York: kaoneni, koma yambani mwawerenga za m'thumba

New York ndi mzinda waukulu kuposa yonse ku America, wa anthu oposa 8 miliyoni. Uli ndi madera asanu: Manhattan, Brooklyn, Queens, Bronx ndi Staten Island. Likulu la United Nations lili komweko. Chokoma chake kwa mlendo n'chakuti simufunika galimoto. Sitima zapansi panthaka zidayamba kuyenda mu 1904, zili ndi masiteshoni oposa 470, ndipo zimayenda usana ndi usiku.

Zinthu zambiri zabwino kumeneko n'zaulere. Sitima yapamadzi yopita ku Staten Island salipiritsa, ulendo wake ndi wa mphindi pafupifupi 25, ndipo imadutsa poti mumachiona bwinobwino chiboliboli cha Statue of Liberty chomwe dziko la France lidapereka ngati mphatso mu 1886. Mutha kuwoloka wapansi pamlatho wa Brooklyn womwe udatsegulidwa mu 1883, kapena kukhala tsiku lathunthu mu Central Park osatulutsa kobiri. Ku Harlem, mumsewu wa 116th Street, mupeza malesitilanti ndi mashopu a anthu a ku Senegal ndi maiko ena a kuzambwe kwa Africa. Mukamva fungo la nsomba youma pakati pa New York musadabwe.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ku Manhattan kanyumba ka chipinda chimodzi lendi yake imadutsa madola 3,000 pamwezi. Achinyamata ambiri amakhala atatu kapena anayi m'nyumba imodzi, ena amagwira ntchito ziwiri kuti mwezi uthe. Anthu amayenda mothamanga ndipo moni wa pamsewu kulibe. Si nkhanza ayi, ndi nthawi yomwe alibe. Kukacheza, New York ndi wosayerekezeka. Kukakhala, pokhapokha ntchito yabwino ikukudikirani kale.

Washington: sukulu yaulere ya sabata yathunthu

Likulu la dzikoli ndi lodekha kuyerekeza ndi New York. Lamulo la mu 1910 limaletsa kumanga nyumba zazitali kwambiri, choncho thambo limaoneka ndipo mzinda umapuma. Kwa banja lomwe lili ndi ana, kapena kwa inu okonda mbiri, palibe mzinda woposa uwu. Nyumba zosungiramo zinthu zakale za bungwe la Smithsonian n'zaulere kulowa. Muli ya ndege ndi zamlengalenga momwe muli ndege ya abale awiri a Wright ya mu 1903, muli ya zinyama ndi miyala, mulinso ya mbiri ya anthu akuda a ku America yomwe idatsegulidwa mu 2016. Yomalizayi imakuyambitsani pansi penipeni, pa nkhani ya zombo za akapolo, n'kumakwera nanu pang'onopang'ono mpaka masiku ano. Muipatse tsiku lonse, ndipo tikiti yake, ngakhale ndi yaulere, muisungitsiretu pa intaneti.

Pamasitepe a Lincoln Memorial ndi pomwe Martin Luther King Jr. adalankhula kwa khamu la anthu pa 28 Ogasiti 1963. Mukapita kumapeto kwa Malichi kapena kumayambiriro kwa Epulo mupeza mitengo yomwe Japan idapereka mu 1912 itachita maluwa mbee m'mbali mwa madzi.

Nanga kukhalako? Washington ndi wodula, koma ambiri amakhala m'matauni oyandikana nawo a ku Maryland ndi Virginia, monga Silver Spring, n'kumalowa mumzinda pa sitima. Derali lili ndi anthu ambiri ochokera ku Africa, makamaka a ku Ethiopia. Ofesi ya kazembe wa Malawi ilinso mumzindawu, zomwe zimathandiza pasipoti ikatha kapena vuto likagwa.

New Orleans: komwe ng'oma sidafe

Mukafuna mzinda womwe sufanana ndi wina uliwonse ku America, pitani kummwera, pafupi ndi pomwe mtsinje wa Mississippi umathira m'nyanja. New Orleans adaukhazikitsa ndi Afalansa mu 1718, udakhalaponso m'manja mwa Spain, ndipo America idaugula pamodzi ndi dera lonse la Louisiana mu 1803. N'chifukwa chake maina a misewu, nyumba ndi zakudya zake zili ndi kafungo kakekake.

Pali malo otchedwa Congo Square pomwe akapolo ankaloledwa kusonkhana Lamulungu, kuimba ng'oma, kuvina ndi kugulitsa malonda. M'madera ambiri a dzikoli ng'oma zidaletsedwa, koma pano zidapulumuka, ndipo mizu ya nyimbo za jazz imadutsa pamenepa. Louis Armstrong adabadwira mumzindawu mu 1901. Mpaka lero pamaliro ena gulu loimba malipenga limaperekeza bokosi ndi nyimbo zachisoni, koma pobwerera nyimbo zimasintha, anthu n'kuyamba kuvina mumsewu atanyamula maambulera.

Pa chakudya simudzamva chilendo kwenikweni. Msuzi wawo wotchuka wa gumbo nthawi zambiri umakhala ndi therere, ndipo Lolemba ndi tsiku la nyemba zofiira ndi mpunga. Chikondwerero cha Mardi Gras chimachitika mu Febuluwale kapena kumayambiriro kwa Malichi, tsiku loti mawa lake ndi Lachitatu la Phulusa.

Koma walira mvula walira matope. Mbali yaikulu ya mzindawu ili pansi kuposa mlingo wa nyanja, ndipo imadalira zipupa zotchinga madzi ndi mapampu. Mu Ogasiti 2005 namondwe wa Katrina ataomba zipupazo zidagumuka, ndipo pafupifupi 80 peresenti ya mzinda idamira. Nyengo ya anamondwe ndi kuyambira Juni mpaka Novembala chaka chilichonse. Ntchito zambiri ndi za m'mahotela ndi malesitilanti. Kaoneni, kadyeni, kavineni. Zokakhala muganize kawiri.

Chicago: nyanja, nyumba zosanja ndi chisanu choluma

Chicago ndi mzinda wachitatu pa kukula, wa anthu pafupifupi 2.7 miliyoni, ndipo uli m'mphepete mwa nyanja ya Michigan. Nyanjayi ndi ya madzi opanda mchere ngati yathu, koma malo omwe yatenga ndi pafupifupi kawiri nyanja ya Malawi. Munthu woyamba wochokera kunja kumanga nyumba yokhazikika pamalowa anali wamalonda wachikuda, Jean Baptiste Point du Sable, cha m'ma 1780.

Mu 1871 moto udapsereza mbali yaikulu ya mzindawu. Pomanganso ndi pomwe akatswiri adayamba kuyesa nyumba za mafupa achitsulo, ndipo yomwe ambiri amati ndi nyumba yosanja yoyamba ya mtundu wamakono idamalizidwa kuno mu 1885. Lero mutha kukwera Willis Tower n'kukaima m'kabokosi kagalasi pansanja ya nambala 103, msewu uli pansi pa mapazi anu. Amantha asayerekeze. Chinanso chodabwitsa: mu 1900 mainjiniya adatembenuza mtsinje wa Chicago kuti uziyenda chobwerera, zonyansa za mumzinda zisamathire m'nyanja momwe anthu amatunga madzi akumwa.

Kwa wofuna kukhala mumzinda waukulu, Chicago ali pakatikati. Sitima zilipo, ntchito zilipo, lendi ndi yotsikirapo kuyerekeza ndi New York. Vuto ndi Januwale. Kuzizira kumatha kutsika mpaka madigiri 20 pansi pa ziro, mphepo yochokera kunyanja imalasa m'mafupa, ndipo dzuwa limalowa 5 koloko isanakwane. Chisanu cha ku Dedza mu Juni ndi masewera chabe. Komanso madera a mzindawu amasiyana kwambiri pa nkhani ya chitetezo ndi masukulu, moti musanasaine pepala la nyumba funsani omwe akhalako nthawi yaitali.

Nashville ndi Lynchburg: komwe kuli mapazi a anthu athu

Ngati mudakula bambo akutsegula Don Williams kapena Dolly Parton Loweruka m'mawa, Nashville mumaudziwa kale ndi makutu. Ndi likulu la chigawo cha Tennessee komanso kwawo kwa nyimbo za country. Pulogalamu ya pawailesi ya Grand Ole Opry yakhala ikuulutsidwa kuchokera kumeneko kuyambira mu 1925. Mumsewu wa Broadway magulu oimba amayamba m'mawa mpaka usiku, ndipo malo ambiri kulowa n'kwaulere, mumangoponya kangachepe m'chitini cha oimba.

Koma Nashville si magitala okha. Kumpoto kwa mzindawu kuli Fisk University, yomwe idatsegulidwa mu 1866 kuti iphunzitse anthu omwe anali atangomasulidwa ku ukapolo, ndipo pafupi pomwepo pali sukulu ya zaudokotala ya Meharry. Kumeneko ndi komwe Hastings Kamuzu Banda adamaliza maphunziro a udokotala mu 1937, atatenga kale digiri ku University of Chicago mu 1931. Mu 1960 ophunzira achikuda a mumzindawu, kuphatikizapo Diane Nash ndi John Lewis, ankakhala dala pamipando ya azungu okhaokha m'malo odyera, kumenyedwa osabwezera, mpaka eni malowo adagonja. Mzindawu ukukula msanga, chigawo cha Tennessee sichidula msonkho wake pamalipiro, koma popanda galimoto mudzavutika.

Lynchburg ndi tauni yaing'ono ya ku Virginia, ya anthu pafupifupi 80,000, yomangidwa pamapiri m'mbali mwa mtsinje wa James, kufupi ndi mapiri a Blue Ridge. Simudzaiona pa TikTok. Koma John Chilembwe, yemwe nkhope yake ili pa ndalama zathu ndipo timamukumbukira pa 15 Januwale, adapita ku America mu 1897 ndi Joseph Booth n'kukaphunzira pasukulu ya zaubusa ya anthu akuda m'tauni imeneyi. Adabwerera kumudzi mu 1900 n'kukayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Sukuluyo ilipobe, pano imatchedwa Virginia University of Lynchburg. Kuchokera ku Washington mutha kufikako pa sitima ya Amtrak m'maola pafupifupi anayi. Kwa Mmalawi, ulendo umenewu uli ndi tanthauzo lomwe chithunzi cha pa Times Square sichingapereke.

South Bend ndi Houston: yosatchuka pazithunzi, yabwino pokhala

Funsani aliyense yemwe ali ndi m'bale ku America, dzina la Indiana silichedwa kutuluka. South Bend ndi tauni ya anthu ongopitirira 100,000 kumpoto kwa chigawochi, ndipo imadziwika kuti ndi amodzi mwa malo omwe kuli Amalawi ambiri. Kale inali tauni ya fakitale ya magalimoto a Studebaker, yomwe idatsekedwa mu 1963 n'kusiya anthu ambiri pa ulova. Lero yunivesite ya Notre Dame, zipatala ndi mafakitale a m'tauni yoyandikana nayo ya Elkhart ndi zomwe zimalemba anthu ambiri. Andrews University ya mpingo wa Seventh-day Adventist ili pafupi, kungodutsa malire kulowa ku Michigan. Mukafuna phokoso la mzinda waukulu, pali sitima yopita ku Chicago.

Palibe amene amasunga ndalama zaka zitatu kuti akajambulitse ku South Bend. Chipale chofewa chimagwa chambiri chifukwa cha nyanja ya Michigan, ndipo usiku tauni imagona msanga. Koma lendi ndi yotheka, ndipo pali chinthu china chomwe sichilembedwa pa mapu: anthu akwanu. Munthu wokuchingamirani pabwalo la ndege, wokuuzani shopu yomwe mungapeze ufa wophikira nsima, wokubwerekani jekete m'nyengo yoyamba yachisanu, wosonkha nawo zovuta zikagwa kumudzi. Mwezi woyamba zimenezi zimaoneka zazing'ono. Chaka chachitatu mumazindikira kuti ndi zomwe zakusungani.

Ngati chisanu ndi mdani wanu, yang'anani ku Houston, m'chigawo cha Texas. Ndi mzinda wachinayi pa kukula, wa anthu oposa 2 miliyoni, wotentha ndi wachinyezi. Kuli Texas Medical Center, gulu la zipatala lalikulu kwambiri padziko lonse, kuli makampani a mafuta, kulinso malo a NASA omwe amalankhulira ndi anthu omwe ali m'mlengalenga. Anthu a ku Nigeria ndi maiko ena a mu Africa aliko ambiri, choncho mashopu a zakudya zakwathu sasowa. Texas nayonso sidula msonkho wake pamalipiro. Koma mzindawu ndi wotambalala moti kukagula buledi kumafuna galimoto, ndipo madzi osefukira amavuta, monga zidachitikira ndi namondwe wa Harvey mu 2017.

Zomwe zithunzi sizionetsa

Mzinda uliwonse womwe mungasankhe, pali zinthu zina zomwe zimakutsatirani. Mtengo wolembedwa pashelefu nthawi zambiri si womwe mudzalipire, chifukwa m'zigawo zambiri msonkho amauonjezera pa kauntala. M'lesitilanti yoti akubweretsereni chakudya patebulo, mumayenera kusiyira wokutumikirani ndalama yapadera, pakati pa 15 ndi 20 peresenti ya bilu. Kuchipatala popanda inshulansi, usiku umodzi wokha utha kukusiyirani ngongole ya madola masauzande. Malipiro otsikitsitsa omwe boma lalikulu lidakhazikitsa ndi madola 7.25 pa ola ndipo sadasinthe kuyambira mu 2009, ngakhale zigawo ndi mizinda yambiri idakweza ake. Mukamva kuti wakuti amalandira madola angapo pa ola, musathamangire kuwasintha m'makwacha musanachotse lendi, inshulansi, msonkho ndi mafuta a galimoto. Komanso kunja kwa mizinda yochepa ngati New York, Chicago ndi Washington, kulibe zoti mutuluka pageti n'kuimitsa minibasi kapena kabaza.

Ulendo weniweniwo ndi wautali. Palibe ndege yochoka ku Lilongwe kapena ku Blantyre n'kukatera ku America osaima. Ambiri amadzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg.

Ndiye pali nkhani ya viza, yomwe ndi phiri lenileni. Viza ya alendo silola munthu kugwira ntchito. Mukapitirira nthawi yomwe mwapatsidwa ndi masiku oposa 180 kenako n'kutuluka, amakuletsani kulowanso kwa zaka 3. Mukapitirira ndi chaka kapena kuposerapo, chiletsocho ndi cha zaka 10. Mu Ogasiti 2025 boma la America lidayamba kufuna kuti Amalawi ndi anthu a ku Zambia opempha viza ya alendo azipereka ndalama ya chikole ya madola 5,000, 10,000 kapena 15,000, yomwe imabwezedwa munthu akatuluka m'dzikomo pa nthawi yake. Chimodzi mwa zifukwa zomwe adapereka ndi kuchuluka kwa anthu opitirira nthawi. Apa n'zoonekeratu kuti wobisala m'modzi amatsekera khomo anzake ambiri kumudzi. Malamulowa akhala akusintha ndi kukhwimirakhwimira, choncho musanagulitse poloti kapena galimoto, werengani zomwe ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe yalengeza patsamba lake. Munthu wa pa WhatsApp wolonjeza viza mwachidule ndi dobadoba basi, ndalama zanu zipita. Safunsa adadya phula.

Ndiye tisankhe uti?

Kukanakhala kuti mwapatsidwa masiku 10 okha, ine ndikanati yambirani ku Washington, tsikirani ku Lynchburg tsiku limodzi, kenako kwerani sitima mukamalizire ku New York. Ulendo wonsewo ndi wapanjanji, sufuna galimoto, ndipo zambiri zomwe mukaone n'zaulere. Ndalama ikatsalako, New Orleans ndi wofunika ulendo wakewake.

Koma ngati nkhani ndi ya sukulu kapena ntchito ya zaka zingapo, iwalani kaye za kukongola. Tengani pepala mulembe zinthu zinayi: lendi ya chipinda chimodzi m'deralo, mtunda wochoka pakhomo kukafika kusukulu kapena kuntchito popanda galimoto, kuzizira kwa mwezi wa Januwale, ndi dzina la munthu m'modzi yemwe mungamuimbire foni 2 koloko usiku mutadwala. Mzinda womwe wayankha bwino zinayizi ndiye wanu, ngakhale anzanu a pa Facebook asadaumvepo dzina lake.